PAIPI YA MADZI IKADONTHA PA INJINI YA GALIMOTO

M'midzi yambiri ya kuno kum'mawa tsopano muli galimoto imodzi kapena ziwiri, kapena kalole ka Canter, kapena thirakitala imene anthu anasonkherana ndalama kuti aigule. Magalimoto amenewa ndiwo anyamula cimanga, nsawa za Chalimbana, thonje ndi mpendadzuwa kunka nazo kumsika, nabwerako ndi feteleza. Ndipo usiku ndiwo athamangira kucipatala ndi odwala ndi amai apakati. Koma mukayenda pa mseu waukulu wocokera ku Chipata kunka ku Lusaka m'mwezi wa October, makamaka pa zitunda za pakati pa mlatho wa Luangwa ndi Rufunsa, simudzalephera kuona galimoto itaima pambali, boneti iri yasa, nthunzi iri tolotolo, mwini wace atagwira cigubu alikufunsa kumene kuli madzi. Kawiri kawiri cimene camuimitsa pamenepo ndi paipi imodzi ya madzi imene inayamba kudontha masabata apitawo, ndipo iye anati, ndidzakonza ndikagulitsa mbeu.

Paipi yotere mtengo wace ngwocepa, koma injini imene yapsa cifukwa ca iyo idzadya zokolola za caka conse, mwina ndi ng'ombe zomwe. Kabuku kano kalembedwa kuti mudziwe kuti nchito yosintha paipi mungathe kuicita nokha pakhomo panu, ngati muli ndi zida zocepa ndi mtima wodekha. Tidzanena kwambiri za mapaipi a pulasitiki, pakuti ndiwo aculuka pa magalimoto a masiku ano, ndipo makhalidwe ao ndi osiyana ndi a mapaipi a mphira amene atate athu anazolowera.

NCHITO YA MADZI M'INJINI

Injini iyenda ndi moto. Petulo kapena dizilo apsa m'kati mwace, ndipo mwa kutentha konse kocokera m'mafutawo, pafupi gawo limodzi mwa magawo atatu liyenera kucotsedwa ndi madzi. Madziwo azungulira m'tinjira ta m'kati mwa citsulo ca injini, pampu iri kuwakankha. Atuluka otentha pa paipi ya pamwamba nalowa m'rediyeta, m'mene mphepo iwaziziritsa, ndipo abwerera ku injini pa paipi ya pansi. Panjira yao pali kacitseko kamene amakanika akachula themositati. Kakhala kotseka injini ikali yozizira, ndipo katseguka madzi akatentha kufika pa madigiri 82 kapena 88, monga mwa mtundu wa galimoto. Palinso timapaipi tating'ono topita ku hita yotenthetsa m'kati mokhala anthu, ndi kena kopita ku kabotolo kosungira madzi osefukira.

Tsono imvani ici, pakuti ndico cidzakuthandizani kumvetsa zonse zotsatira. Kugombe la nyanja ya mcere madzi awira pa madigiri 100. Kuno kwathu dziko ndi lokwera: Chipata ndi Lundazi ali pamwamba kupitirira mamita 1,000, ndipo pamalo otere madzi awira msanga, pa madigiri ngati 96. Injini pogwira nchito ikhala pa madigiri ngati 90, ndipo pokwera citunda ndi matumba ipitirira pamenepo. Mpata wotsala ngwocepa ndithu. Cifukwa cace cotsekera ca rediyeta anacipanga ndi sipuling'i yolimba, kuti madzi akhale opanikizika m'kati. Pa cotsekeraco mudzaona nambala yonga 0.9 kapena 1.1, ndipo ndi kupanikizika kumeneko madzi sawira kufikira pafupi madigiri 120. Kabowo konga ka singano katulutsa madzi ocepa, inde, koma katulutsanso mphamvu yopanikiza ija, ndipo madzi otsalawo ayamba kuwira. Nthunzi siinyamula kutentha monga acitira madzi. Pamenepo mutu wa injini, umene pa magalimoto ambiri tsopano uli wa aluminiyamu, upindika ndi kutentha, gasiketi ya pansi pace ipsa, ndipo madzi ndi oilo zisakanizika. Imeneyo ndi nchito ya kugalaja, ya masiku ambiri ndi ndalama zambiri.

MPHIRA NDI PULASITIKI

Thirakitala yotuwa ya Ferguson imene inayamba kupangidwa ku Coventry mu 1946, ndi Land Rover yoyamba ya mu 1948, zinali ndi rediyeta ya mkuwa ndi mapaipi a mphira ndi a citsulo. Rediyeta ikabooka, mmisiri anali kuimata ndi mtobvu. Paipi ya mphira ikakalamba inali kufewa, kutupa pafupi ndi comangira, kapena kucita ming'alu yooneka ndi maso, ndipo mlimi wocenjera anali kuifinya ndi dzanja nadziwa kuti masiku ace atha. Kuyambira cam'ma 1980 opanga magalimoto anayamba kugwiritsa nchito pulasitiki kwambiri, pakuti ndi yopepuka, siicita dzimbiri, ndipo ndi yotsika mtengo popanga. Lero mukatsegula boneti mudzapeza kuti mitu ya rediyeta, makosi olowetsapo mapaipi, nyumba ya themositati, timphanda togawa madzi, ndi mapaipi ena ouma odutsa m'mbali mwa injini, kawiri kawiri ndi za pulasitiki yakuda.

Pulasitiki imeneyi si yofanana ndi ya mabeseni ai. Kawiri kawiri ndi nailoni yosakaniza ndi timaulusi ta galasi, ndipo pa zina mudzawerenga zilembo zakuti PA66-GF30, kutanthauza kuti magawo 30 mwa 100 ndi galasi. Ikali yatsopano ndi yolimba kwambiri. Koma madzi otentha aifooketsa pang'ono pang'ono kucokera m'kati, ndipo tsiku ndi tsiku itentha, izizira, itenthanso. Patapita zaka iuma, ndipo mtundu wace wakuda usanduka wofiirira monga fodya wa m'cigafa. Ikafika pamenepo ikhala ngati cikho cakale ca agogo, cimene citunga madzi bwino lomwe kufikira tsiku limene cakhudza pa mwala. Kumbukaninso kuti magalimoto ambiri amene tigula, ocokera ku Japan ndi kulowa pa Nakonde kudzera ku doko la Dar es Salaam, afika atayenda kale zaka zambiri kwao. Penti ingakhale yowala ndi mipando yoyera, koma pulasitiki ya pa injini iri ndi zaka zonse za galimotoyo.

Pa ici patuluka malamulo awiri amene muyenera kuwasunga pa nchito yonse: paipi ya pulasitiki yong'aluka siimatidwa koma isinthidwa, ndipo pulasitiki yakale siikakamizidwa ndi mphamvu.

KUPEZA PODONTHA

Musagule kanthu musanaone ndi maso anu pamene madzi atulukira. Madzulo yalani katoni kapena thumba louma pansi pa injini, ndipo m'mawa onani pamene panyowa. Madzi a m'rediyeta ngati ali ndi mankhwala akhala obiriwira, ofiira kapena a mtundu wina, oterera pa zala, ndi a fungo lotsekemera. Madzi oyera mbee odontha pambuyo poyendetsa makina oziziritsa m'kati mwa galimoto si bvuto. Pamene madzi akhala akudontha nthawi yaitali pasiya zoyera kapena zofiira zouma, zonga mcere wa padambo. Koma madzi atsikira pansi nthawi zonse, ndipo mphepo ya fani iwamwaza. Cifukwa cace tsatirani cinyezi kukwera m'mwamba kufikira malo omaliza onyowa. Anthu ambiri asintha paipi yabwino pamene codontha cinali pampu ya madzi, kapena khosi la rediyeta limene lang'aluka pansi pa comangira.

Mng'alu wa pulasitiki ubisala injini ikazizira, ndipo utseguka ikatentha. Mukalephera kuupeza, pukutani paliponse, lizani injini kufikira itenthe, muizime, ndipo yang'anani ndi toci m'mbali zonse. Manja, malaya ndi citenje zikhale kutali ndi fani ndi lamba wace.

Cina cimene oyendetsa ambiri sacidziwa ndi ici: kamubvi ka geji yoonetsa kutentha kamva kutentha kwa madzi. Madzi akatha onse mwadzidzidzi, kamubviko kangathe kukwera kanthawi ndi kutsikanso, ndipo woyendetsa aganiza kuti zinthu zakhala bwino, pamene injini iri kupsa youma. Mukamva fungo lotsekemera, kapena hita ikaleka kutulutsa mphepo yotentha, imani pomwepo.

ZA UFA, MAZIRA NDI MALEGENI

Sindingadumphe njira zimene zinenedwa pa mabwalo a basi ndi pa zigayo. Ena athira ufa m'rediyeta, ena dzira laliwisi, ena tsabola wopera. Zimenezi nthawi zina zitseka kabowo ka rediyeta kwa maola ocepa, koma zitsekanso tinjira tating'ono ta m'rediyeta ndi m'hita, ndipo pa mng'alu wa paipi sizithandiza konse. Ine ndiona kuti ufa malo ace ndi mumphika. Malegeni odula ku chubu ca njinga ali ndi nchito yace: paipi ya mphira ikabooka muli pakati pa thengo, dikirani injini izizire, kulungani malegeni zolimba, dzazani madzi, musiye cotsekera ca rediyeta comasuka pang'ono kuti madzi asapanikizike, ndipo yendani pang'ono pang'ono ndi kuimaima kufikira pakhomo. Pamenepo nchito ya malegeni yatha. Musapite nao kumsika mawa lace.

Guluu ndi phala lomatira zitsulo sizigwira bwino pa nailoni imene yamwa madzi a mankhwala zaka zambiri. Ndipo ngakhale zitagwira, paipi yonse yauma kale, kotero kuti mukamata apa, ing'aluka pafupi pomwepo. Kuipa kwace nkwakuti paipi ya pulasitiki ingathe kuduka yonse kamodzi, madzi onse natayika musanayende kilomita imodzi.

POGULA PAIPI YATSOPANO

Lembani nambala ya chassis ndi mtundu wa injini yanu, pakuti magalimoto a dzina limodzi angakhale ndi injini zosiyana. Pa paipi yeniyeniyo kawiri kawiri pali nambala yace, ilembeninso. Ngati muli ndi foni yojambula, jambulani paipiyo isanacotsedwe, mbali ziwiri kapena zitatu, kuti mukaonetse wogulitsa ndiponso kuti mukakumbuke m'mene inakhalira. Coposa zonse ndi kunyamula yakaleyo ndi kuigoneka pambali pa yatsopano pa tebulo la m'sitolo, ndi kuyerekeza kupindika kwace, kukula kwa kamwa lace ndi timphanda tace tonse.

Pamodzi ndi paipi gulani timphete ta mphira tatsopano, timene m'masitolo atichula O-ring, ndi zomangira zatsopano ngati zakale zacita dzimbiri. Kamphete kakale kaphwatalala kale ndipo sikadzatsekanso. Paipi ya pulasitiki yocotsedwa ku galimoto yakufa ndi yotsika mtengo, koma msinkhu wace ndi umodzi ndi yanu imene yang'alukayo. Muigule pokhapo ngati yatsopano yasowa ndithu, ndipo yofiirira muikane. Paipi ya mphira ya m'dimba kapena ya pa mpope siingapirire kutentha kwa injini. Ngati cotsekera ca rediyeta ciri ndi mphira wong'ambika, gulaninso cina ca nambala yomweyo. Cotsekera ca nambala yaikulu cidzapanikiza mapaipi okalamba koposa mphamvu yao.

MUSANAGWIRE SIPANALA

Nchito iyi icitidwa pa injini yozizira, makamaka imene yagona usiku wonse. Munthu wotsegula cotsekera ca rediyeta yotentha amasula madzi oposa madigiri 100, ndipo asanduka nthunzi nthawi yomweyo nathobvokera kumaso ndi pacifuwa. Wina akapsa motero, thirani madzi ozizira pamene wapsapo kwa mphindi 20, musapakepo mafuta kapena mankhwala a mano, ndipo mupite naye kucipatala. Cotsani kiyi, ndipo masulani waya wa batire wa mbali ya cizindikiro ca kamzere kamodzi, pakuti fani ya magetsi pa magalimoto ena iyamba kuzungulira yokha ngakhale injini yazima.

Mankhwala a m'rediyeta, amene pa botolo alembedwa coolant kapena antifreeze, ambiri apangidwa ndi ethylene glycol. Ndi otsekemera pa lilime koma ndi poizoni. Ocepa cabe angathe kupha galu, ndipo mwana amene wamwa aoneka poyamba monga woledzera, pambuyo pace impso zace zileka kugwira nchito. Mwana akamwa, thamangani naye kucipatala nthawi yomweyo ngakhale aoneke bwino, ndipo nyamulani botolo lace. Cifukwa cace madzi akale muwalandire m'beseni, muwatsekere m'cigubu colembedwa, osati m'botolo la zakumwa, ndipo musawataye pafupi ndi citsime, dimba kapena khola. Otayikira pansi muwakwirire ndi mcenga, nkhuku ndi agalu zisanafike.

Zida zace ndi zocepa: pulaya, sikuludiraiva yaikulu ndi yaing'ono, masipanala aang'ono monga nambala 8 ndi 10, mpeni wakuthwa, beseni, nsanza zoyera, ndi mbale yoikamo mabauti kuti asatayike m'pfumbi.

KUCOTSA YAKALE

Tsegulani cotsekera ca rediyeta, ikani beseni pansi, ndipo masulani kampopi kotulutsira madzi kamene kali pansi pa rediyeta. Nakonso kawiri kawiri ndi ka pulasitiki. Kakakana, musakaumirize, koma masulani paipi ya pansi ya rediyeta madzi atulukire pamenepo. Ngati paipi yodonthayo iri pamwamba pa injini, sikufunika kukhuthula onse, koma kufikira madzi atsike kupitirira malo ace.

Tsopano onani m'mene paipi yagwirira, pakuti pali njira zosiyana. Pamene mphira wabvekedwa pa khosi, pali comangira. Cina ndi ca sipuling'i, cokhala ndi timakutu tiwiri. Tifinyeni ndi pulaya ndi kusuntha comangiraco kubwerera m'mbuyo pa paipi. Cina ndi ca sikulu, cimene mumasula ndi sikuludiraiva. Comangira cikacoka, mphira akhala atakanirira pa khosi cifukwa ca zaka, ndipo apa ndi pamene alimi ambiri aononga. Munthu alowetsa sikuludiraiva pakati, nakankha monga azula citsa, ndipo khosi la rediyeta lithyoka; anafuna kusintha paipi, tsopano ayenera kugula rediyeta yonse. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Gwirani khosi ndi dzanja limodzi, ndi linalo potokolani paipi pang'ono uku ndi uku kufikira mumve kuti yamasuka, ndipo muisolole molunjika. Ngati ikanabe, ndipo ndi yotaya kale, ing'ambeni ndi mpeni m'litali mwace pang'ono pang'ono ndi kuisenda monga nthoci, koma mpeni usakande khosi, pakuti mkwasa wa mpeni udzakhala njira ya madzi.

Mapaipi ena a pulasitiki alibe comangira. Agwidwa ndi kawaya kopindika monga cilembo ca U kamene kalowa m'mphako. Kakwezeni ndi sikuludiraiva yaing'ono, cala ciri pamwamba pace kuti kasadumphire m'udzu, ndipo kokani paipi molunjika, osaipendeketsa. Ena amangidwa ndi mabauti awiri kapena atatu pa citsulo ca injini, ndipo mapeto ao alowa m'bowo ali ndi kamphete ka mphira. Masulani mabauti onse, kuphatikiza aja ogwira paipi pakati, musanayambe kukoka.

Nthawi zambiri mapeto a paipi yakale aduka natsalira m'bowo. Musawakankhire m'kati. Tsekani kuseri kwace ndi kansanza ngati nkotheka, cotsani zidutswa cimodzi cimodzi ndi pulaya, ndipo muziike pamodzi ndi paipiyo kuti muone ngati zakwana. Cidutswa cotsalira cidzayenda ndi madzi ndi kukakhala pa themositati kapena m'pampu. Potero samalani pogwira ndi potsamira: timapaipi tina tonse ta pulasiki ta pafupi tiri ndi msinkhu womwewo, ndipo cigongono cimodzi cingathe kuthyola kamphanda kamene simunali kukafuna.

KUIKA YATSOPANO

Pukutani malo onse okhalapo paipi kufikira ayere. Pa citsulo mungathe kupala dzimbiri ndi zoyera zija ndi sanipepala wosalala. Pa pulasitiki gwiritsani nsanza yokha. Pitirizani cala m'bowo, ndipo mukamva pokhakhala, palaninso, pakuti kamphete katsopano sikatseka pa malo okumbika.

Nyowetsani kamphete ndi kamwa la paipi ndi madzi a mankhwala omwewo kuti zilowe mosabvuta. Musapake oilo, girisi kapena dizilo. Mphira wa mapaipi a madzi atupa ndi kufewa akakhudzana ndi mafuta otere. Ndi cifukwa comweco ngati oilo adontherapo pa paipi ya mphira kucokera pamwamba, muyenera kukonzanso pamenepo, kapena paipi yatsopano siidzakhalitsa.

Paipi ya mabauti ilowe ndi dzanja kufikira ikhale pansi yokha, mabowo ace atalunjika. Musaikokere m'malo mwace pomanga mabauti, pakuti mudzatsina kamphete kapena kung'alula khutu la paipi. Yambani mabauti onse ndi zala, ndipo mangani mosinthana, ili pang'ono, ilo pang'ono. Gwirani sipanala pafupi ndi mutu wace, ndi zala zokha. Mphamvu yomangira mabauti a pulawo siifunika pano. Cimene citseka madzi ndi kamphete, ndipo kumangitsa bauti sikuonjezera kanthu koma kuswa pulasitiki. Paipi ya kawaya muikankhe kufikira ifike pamapeto, bwezerani kawaya m'mphako mwace, ndipo kokani paipiyo kuti muone ngati yagwira.

Pa mphira, lowetsani comangira pa paipi poyamba, bvekani paipi kufikira pamapeto a khosi, ndipo ikani comangira kuseri kwa kamlomo kotukuka kamene kali kumapeto kwa khosi, osati pamwamba pace. Pa khosi la pulasitiki comangira ca sipuling'i ndico cabwino koposa, cifukwa cifinya mofanana ponse ponse ndipo citsata paipi potupa ndi pobwerera. Ca sikulu mucimange kufikira mphira ayambe kutukuka pang'ono m'mbali mwace, ndipo lekani pomwepo. Waya wa mpanda adula mphira, musamangire. Potsiriza yerekezani ndi cithunzi cija, ndipo onani kuti paipi siikhudza lamba, fani, kapena citsulo cotulutsa utsi.

KUDZAZA MADZI NDI KUTULUTSA MPWEYA

Ambiri ati, kuno kulibe cisanu coumitsa madzi monga ku Ulaya, mankhwala a m'rediyeta ngacani? Mankhwalawo ali ndi nchito inanso, ndiyo kuletsa dzimbiri ndi kudyeka kwa aluminiyamu, ndiponso akweza pang'ono kutentha kumene madzi awira. Madzi a pa citsime ca pampu m'malo ambiri ali ndi laimu. Onani zoyera zimene zikanirira m'ketulo yanu, ndipo dziwani kuti zomwezo zikanirira m'rediyeta. Gwiritsani madzi a m'botolo othira m'batire, kapena madzi a mvula oyera osefedwa pa nsalu. Werengani pa botolo la mankhwala: ena ndi osakaniza kale ndipo athiridwa monga ali, ena afuna kusakaniza ndi madzi, kawiri kawiri theka ndi theka. Musasakanize mitundu iwiri yosiyana ya mankhwala; ngati simudziwa amene analimo, khuthulani onse, tsukani ndi madzi oyera, ndi kuthira a mtundu umodzi. Galimoto yaing'ono imwa malita 5 kufikira 7, lole ndi thirakitala zimwa oposa.

Pamene munacotsa madzi, mpweya unalowa m'malo mwace, ndipo nchito siinathe kufikira mpweyawo utatuluka. Mpweya wotsalira m'mutu wa injini uletsa madzi kufika pamenepo, ndipo injini ingathe kupsa ngakhale rediyeta ioneke yodzaza. Imikani galimoto poti mutu wace uyang'ane kumtunda, monga pa mbali ya culu. Tsekani kampopi ka pansi. Tembenuzani hita ku mbali yotentha kwambiri, ngakhale kuli dzuwa la October, kuti madzi adutse m'menemonso. Thirani pang'ono pang'ono, osati mokhuthula, ndipo finyani paipi ya pamwamba kawiri kawiri. Mudzaona thobvu likutuluka pakamwa pa rediyeta ndi madzi akutsika. Injini zina ziri ndi kasikulu kotulutsira mpweya pamwamba pa paipi kapena pa nyumba ya themositati. Kamasuleni pang'ono, thirani kufikira patuluke madzi opanda thobvu, ndipo kamangeni mofatsa. Magalimoto amene alibe cotsekera pa rediyeta athiridwa pa kathanki ka pulasitiki, kufikira pa mzere wa pamwamba.

Bwezerani waya wa batire, lizani injini cotsekera ciri cotsegula, ndipo muisiye iyende pang'ono pang'ono, nkhope yanu iri kutali ndi pakamwa pa rediyeta. Patapita mphindi zingapo themositati idzatseguka. Mudzadziwa pakuti paipi yaikulu imene inali yozizira idzatentha, ndipo madzi adzatsika. Onjezerani, tsekani cotsekera zolimba, dzazani kabotolo kufikira pa mzere wace, ndipo dikirani kufikira fani ya magetsi izungulire ndi kuima, ngati galimoto yanu iri nayo. Hita iyenera kutulutsa mphepo yotentha. Ikatulutsa yozizira, mpweya ukalimo. Mukatseka cotsekera pa injini yotentha, musacitsegulenso kufikira izizire. Yang'anani ndi toci pa malo onse amene munagwirapo.

Ulendo woyamba ukhale waufupi ndi wopanda katundu, maso ali pa geji. M'mawa mwace, injini iri yozizira, tsegulani ndi kuonjezera madzi, pakuti mpweya wotsala utuluka usiku ndipo madzi atsika pang'ono. Citani comweco m'mawa uli wonse kwa sabata imodzi. Masiku awiri oyamba kutsika pang'ono si cacilendo. Comangira ca sikulu cifuna kumangidwanso pang'ono pambuyo pa ulendo woyamba, popeza mphira watsopano aphwa akatenthedwa.

Koma ngati madzi atsikabe tsiku ndi tsiku ndipo pansi mpouma, cherani khutu ku zizindikiro izi. Utsi woyera wambiri wa fungo lotsekemera utuluka kumbuyo ngakhale injini yatentha. Pansi pa cotsekera ca oilo pali zoyera zonga mkaka wosasa. Thobvu lituluka m'rediyeta losaleka. Kapena paipi ya pamwamba iuma gwa monga tayala mphindi zocepa mutaliza injini yozizira. Zimenezi zionetsa kuti gasiketi ya mutu wa injini inapsa kale, ndipo mpweya wa moto uli kulowa m'madzi. Mpweya umenewo ndiwo uphulitsa mapaipi, ndipo udzaphulitsa watsopanoyonso. Pamenepo musaiyendetse ndi katundu; itanani makanika adzaione pakhomo, kapena muikokere kugalaja, ndipo mumuuze tsiku limene inawira, mtunda umene munayenda itawira, ndi paipi imene mwasintha.